Tiana ta nsomba tikufa patangotha milungu itatu: kodi ndi kachirombo ka TiLV?

Funso: "Ndili ndi maiwe awiri a makumba. Mwezi wathawu ndinagula mbewu kwa mlimi mnzanga, koma patangotha milungu itatu tiana tinayamba kufa, moti m'mawa uliwonse ndikumatola khumi kapena kuposerapo. Pa gulu lathu la WhatsApp ena akuti ndi kachirombo kotchedwa TiLV kamene kakupulula nsomba m'maiko ena. Kachirombo kameneka n'chiyani, ndipo mankhwala ake ndi ati? Nsomba zotsalazo tingadye? Komanso pali munthu akundilonjeza mbewu yochokera kunja, akuti imakula msanga ndipo sidwala. Ndigule?"

Pepani bambo ndi zimene zakugwerani. Kukumba dziwe ndi khasu si ntchito yamasewera, ndipo kupeza mbewu yogula ndi ndalama ikuyandama chagada m'mawa uliwonse kumaswa mtima. Ndiyambe ndi mayankho aafupi. Palibe munthu, kaya ndi katswiri wotani, amene angakuuzeni kuti ndi TiLV pongoona chithunzi pa foni. Zimenezo zimadziwika ku labotale basi. Mankhwala ochiza kachiromboka kulibe. Mbewu yakunjayo musagule. Tsopano ndifotokoze bwinobwino, chifukwa zimene akafukufuku apeza pa zaka zapitazi zikukhudza dziwe lanu mwachindunji.

TiLV ndi chidule cha Tilapia Lake Virus, vairasi imene imagwira nsomba za m'banja la chambo, zimene maiko ena amazitcha tilapia. Nkhani yake inayambira ku Israel. M'chilimwe cha 2009 alimi a kumeneko anayamba kutaya nsomba zambirimbiri m'maiwe, ndipo asodzi a pa nyanja ya Galilee, yomwe ija ya m'Uthenga Wabwino, nawonso anali kulira. Mtundu wa tilapia umene amaudalira, wotchedwa Sarotherodon galilaeus, anaupha matani 316 mu 2005, koma mu 2009 anangopeza matani 8. Kuchepa konseko sitingakusenzetse kachiromboka kokha, poti nsomba zimachepa m'nyanja pa zifukwa zambiri, koma n'kumene kunadzidzimutsa anthu. Madokotala a ziweto anayeza tizirombo tonse timene ankatidziwa, mabakiteriya ndi poizoni, osapeza kanthu. Panapita zaka zisanu. Mu 2014 m'pamene Marina Eyngor ndi anzake a ku Kimron Veterinary Institute, mothandizana ndi Eran Bacharach wa ku yunivesite ya Tel Aviv, analengeza kuti apeza vairasi yatsopano. Anaimeretsa mu labotale n'kubaya nayo nsomba zabwinobwino, ndipo zoposa 80 pa 100 zilizonse zinafa pasanathe masiku khumi. Zina sanazibaye, anangoziika m'madzi amodzi ndi zodwala, nazonso zinafa. Koma zimene zinapulumuka, atazibayanso kachiwiri, sizinadwale. Mfundo imeneyi muisunge, ndibwereranso.

Chaka chomwecho ku Ecuador, kutsidya lina la dziko, katswiri wa matenda a nsomba Hugh Ferguson anafotokoza za tiana ta tilapia timene tinkafa ndi nthenda ya chiwindi. Ukadula kachidutswa kopyapyala ka chiwindi chotere n'kukaika pa maikulosikopu, umaona maselo amene amayenera kukhala lililonse palokha atasungunukirana n'kukhala chiselo chimodzi chachikulu. Chiwindi chikafika pamenepo ntchito sichigwiranso. Mu 2016, akatswiri a ku Israel aja pamodzi ndi gulu la Ian Lipkin wa ku Columbia University anatsimikiza kuti nthenda ya ku Israel ndi ya ku Ecuador n'chinthu chimodzi. Anapezanso kuti chibadwa cha vairasiyi chili m'zidutswa khumi. Chidutswa chimodzi chokha n'chimene chinafananako pang'ono ndi cha vairasi ina ya chimfine. Zisanu ndi zinayi zinazo sizinafanane ndi chilichonse chimene sayansi inkachidziwa. N'chifukwa chake inabisala nthawi yaitali chonchi, popeza zoyezera zimagwira chimene wazikonzera kuti zisake. Zidutswazi zili ndi vuto lakenso: mitundu iwiri ya vairasiyi ikakumana mu nsomba imodzi imatha kusinthana zidutswa n'kutuluka mtundu wina, ndipo chimene chimaikumanitsa ndi anthu osamutsa nsomba kuchoka dziko lina kupita lina.

Mu Meyi 2017 bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO linachenjeza dziko lonse. Nthawi imeneyo kachiromboka kanali katatsimikizika ku Colombia, Ecuador, Egypt, Israel ndi Thailand. Pasanapite nthawi kanapezekanso ku Malaysia, India, Philippines, Bangladesh, Peru, Mexico ndi kwina, ndipo mu 2022 bungwe loona za umoyo wa nyama padziko lonse la WOAH linakaika pa mndandanda wa matenda amene boma lililonse liyenera kulengeza likawapeza. Ku Egypt, dziko limene limaweta nsomba zambiri kuposa lina lililonse mu Africa, kafukufuku wa bungwe lofufuza za nsomba la WorldFish anaonetsa kuti mu 2015 mafamu 37 pa 100 alionse anakhudzidwa ndi imfa za nsomba za nyengo yotentha, ndipo zotayikazo anaziyerekeza kuti zimafika madola 100 miliyoni pachaka. M'mafamu ena mwa amenewo munapezeka TiLV.

Za ku Thailand n'zimene zikufanana ndi zanu, ndipo sindikubisirani. Alimi a kumeneko anali atadandaula kwa zaka kuti tiana timafa m'mwezi woyamba tikachotsedwa koswetsera kupita m'makeji (makola a ukonde oyandama pamadzi), mpaka nthendayo anaipatsa dzina la imfa ya mwezi umodzi. Mu 2017 Win Surachetpong wa ku yunivesite ya Kasetsart anaonetsa kuti TiLV inalimo, ndipo imfa zinkayambira pa 20 mpaka 90 pa 100. Gulu lina, la Ha Thanh Dong ndi Saengchan Senapin, linachita chinthu chimene ine ndimachiona ngati chofunika kwambiri pa kafukufuku yense wa matendawa. Linabwerera ku mazira ndi tiana timene tinasungidwa mu labotale kuyambira 2012, n'kutiyeza ndi choyezera chatsopano. Kachiromboka kanalimo kale, zaka ziwiri kasanapatsidwe n'dzina lomwe. Pa zaka zonsezo malo oswetsera nsomba a ku Thailand ankatumiza mbewu kunja, ndipo akafukufukuwa anawerenga maiko oposa 40 amene akanatha kulandira mbewu yodwala osadziwa. Pambuyo pake kunatsimikizikanso kuti makolo amatha kupatsira ana kudzera m'mazira.

Kufupi ndi kwathu kuno, mu 2018 Kizito Mugimba ndi anzake anayeza nsomba 191 za m'nyanja ya Victoria, mbali ya Uganda ndi ya Tanzania, za m'makeji ndi zogwidwa m'nyanja momwe. Nsomba 28 zinapezeka ndi TiLV, chikhalirecho sizinkaoneka zodwala. Apa m'pagona nkhani yonse, bambo. Kachiromboka sikayenda ndi nsomba yotupa maso imene aliyense angaikane pamsika. Kamayenda ndi kansomba kothamanga bwino, konyezimira, kosambira m'jumbo ya pulasitiki, kamene wogulitsa akulumbira kuti n'kabwino, ndipo mwina iyeyo sakunama, sakudziwa chabe. Mukudziwa mmene chitopa chimaloŵera pakhomo: nkhuku imodzi yogula pamsika, yooneka yathanzi, n'kuiponya m'khola la zinzake madzulo omwewo.

Mungafunse kuti kodi nsomba zathu, zimene sizili tilapia ya ku Nile, zili pachiopsezo? Kafukufuku wambiri wachitika pa tilapia ya ku Nile ndi yofiira, poti ndizo zimawetedwa kwambiri padziko. Koma mtundu wa Oreochromis mossambicus, umene umapezekanso ku Chigwa cha Shire, unayesedwa ndipo unadwala. Makumba ndi chambo ndi abale ake enieni, onse ndi a gulu la Oreochromis. Chimene chinandikhudza kwambiri ndi kafukufuku wa ku Thailand wa 2021. Anatenga nsomba zokongoletsera m'nyumba za mtundu wa Aulonocara, zimene kwawo kwenikweni ndi Nyanja ya Malawi, n'kuzipatsa kachiromboka, ndipo zoposa theka zinafa. Nyanja yathu ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba za banja limeneli, yosapezeka kwina kulikonse. Dziwe mutha kuliumitsa n'kuthiramo laimu. Nyanja simungatero, ndipo madzi a m'maiwe ambiri a m'dziko muno amathera m'mitsinje yotsikira komweko kapena mu Shire.

Ngakhale zili choncho, musathamangire kunena kuti yanu ndi TiLV. Mwezi woyamba ndi nthawi imene tiana timafa ndi zinthu zambiri, ndipo zambiri mwa izo si vairasi. Mawa mudzuke dzuwa lisanatuluke, mukaime m'mbali mwa dziwe. Mukapeza nsomba zonse zili pamwamba, milomo ili yasayasa kumeza mpweya, n'kuzimiririka dzuwa likakwera, ndiye kuti m'madzi mukuchepa mpweya wa okosijeni. Zimenezi zimachitika manyowa akachuluka, madzi akabiriwira mopitirira, kapena madeya akamatsala n'kuwolera pansi. Pisani mkono m'madzi: chikhatho chikasowa musanafike pachigongono, madziwo akhuta, lekani kuthira manyowa. Imfa ya mpweya imabwera usiku umodzi ndipo kawirikawiri imayamba ndi nsomba zazikulu. Poizoni, monga mankhwala opopera kudimba amene wina watsukira sipuleya kumtunda kwa ngalande, amapha mwadzidzidzi ndipo sasankha: achule, mbululu ndi tizirombo ta m'madzi nazonso zimafa. Tiana timene tinavulala paulendo, todzazana m'chigubu padzuwa, timafa masiku oyambirira, kenaka imfa zimaleka zokha.

TiLV imayenda mosiyana. Imasankha nsomba za banja la chambo; ku Israel, nsomba za mitundu ina zimene zinali m'maiwe omwewo sizinafe, ndipo ku Thailand mlamba wa kumeneko atauyesa sunadwale. Choncho ngati m'dziwe mwanu muli milamba kapena matemba, onani ngati nazonso zikufa. Imfa zake zimayamba pang'ono, n'kumakwera tsiku ndi tsiku kwa sabata kapena kupitirira, kenaka n'kutsika. Imakonda madzi ofunda, a madigiri 22 mpaka 32. Nsomba imaleka kudya, imachoka pagulu n'kumangoima m'mbali, khungu limada kapena kusupuka, mamba amanyamuka, mimba imatupa ndi madzi, diso limachita ng'ala, kutong'oka kapena kufota. Vuto n'lakuti bakiteriya wa Streptococcus, amene amavutitsa nyengo yotentha, amaonetsanso zizindikiro zofanana nazo, ndipo nthawi zambiri vairasi ikafooketsa nsomba, mabakiteriya ngati Aeromonas amalowerera n'kumaliza. Nanga nthenda ya zilonda ija, EUS, imene inabuka ku Mchinji mu 2020 boma n'kuletsa kusamutsa nsomba zamoyo? Imeneyo si vairasi. Imayamba ndi kachirombo konga nkhungu ka m'madzi kotchedwa Aphanomyces invadans, kamakonda nyengo yozizira, ndipo kamaboola zilonda zofiira zakuya mpaka mu mnofu, pa mitundu yambiri ya nsomba kuphatikizapo milamba ndi matemba.

Kuopsa koganizira nthenda ndi maso kunaoneka ku Ghana. Mu 2018 boma la kumeneko linaletsa kuitanitsa tilapia kunja poopa TiLV. Chakumapeto kwa chaka chomwecho nsomba zinayamba kufa koopsa m'makeji a pa nyanja ya Volta, ndipo ambiri anaganiza kuti yafika. Atayeza anapeza kuti ndi vairasi ina, ISKNV, imene imaononga kapamba ndi impso. Alimi anataya nsomba zochuluka, makamaka tiana. Koma popeza nthendayo inadziwika dzina, anatha kubweretsa katemera wake, ndipo oswetsa anayamba kuika tiana m'madzi otenthetsedwa kwa kanthawi kuti imfa zichepe. Akanangokhulupirira mphekesera, bwenzi akulimbana ndi mdani wolakwika.

Ndiye chochita choyamba, lero lomwe, n'kudziwitsa mlangizi wa za nsomba kapena ofesi ya za usodzi ya m'boma lanu. Musachite manyazi kapena kuopa kuti akutsekerani dziwe. Mlimi wobisa nthenda amaphetsa nsomba za mudzi wonse. Iwo ndi amene angalumikizane ndi a labotale ya ziweto ku Lilongwe, a National Aquaculture Centre ku Domasi kapena akatswiri a ku Bunda. Chimene a labotale amafuna si nsomba yofa dzulo, yotupa ndi kununkha, chifukwa imeneyo yadzaza mabakiteriya owoletsa ndipo singauze munthu chilichonse. Amafuna zodwala koma zikadali moyo, zija zoima m'mbali zimene mutha kuzigwira ndi dzanja, zisanu kapena khumi, m'ndowa ya madzi a m'dziwe lomwelo. Ngati ulendo ndi wautali, muziike pa ayezi, osaziumitsa mufiriji. Iwo amadula tizidutswa ta chiwindi, ubongo, kapamba ndi impso, n'kuyeza ndi njira ya PCR, yomwe ija ankayezera Covid-19.

Podikira zotsatira, dziwe lodwalalo likhale lotsekeredwa. Musatulutsire madzi ake mumtsinje kapena m'dziwe lachiwiri. Khoka, ndowa ndi nsapato za dziwe limenelo zisakhudze linalo, ndipo ngati khoka ndi la kalabu, lobwerekana, lisachoke pakhomo panu lisanaviikidwe m'madzi a kolorini ndi kuuma gwa padzuwa. Kafukufuku anaonetsa kuti kachiromboka kamatuluka ndi kuterera kwa pakhungu la nsomba, ndiye khoka lonyowa ndi galimoto yake. Nsomba zakufa muzitola kawiri patsiku, chifukwa zinzake zikamazijompha zimatengera nthenda. Zikwirireni m'dzenje lakuya kutali ndi madzi, n'kuwaza laimu. Musaponyere agalu, nkhumba kapena milamba, ndipo musazisiye pamtunda pamene mbalame zingazitole kukazigwetsera kwa mnansi. Chepetsani chakudya, lekani manyowa, ndipo musakokemo khoka kuti muone zatsala zingati, poti kuzipanikiza kumaonjezera imfa. Ngati muli ndi madzi abwino olowa, aloleni alowe pang'ono, koma osasefukira kunja.

Za mankhwala ndinene mosapsatira. Ena akuuzani kuti mugule oxytetracycline wa nkhuku muthire m'dziwe. Maantibayotiki sapha vairasi. Mukangothira mwachisawawa mutaya ndalama, muononga madzi, ndipo mulera mabakiteriya osamva mankhwala amene tsiku lina adzavutitsa anthu kuchipatala. Ngati labotale yapeza bakiteriya, dokotala wa ziweto ndiye anene mankhwala ndi mlingo wake. Mchere umathandiza nsomba yovulala kapena yotopa ndi ulendo, koma nawonso sufika pa vairasi imene ili m'chiwindi ndi mu ubongo.

Chiyembekezo chilipo, ndipo chachokera pa nsomba zopulumuka zija. Popeza thupi la nsomba limatha kukumbukira kachiromboka, katemera ndi wotheka. Ku Israel, Thailand ndi China ayesa mitundu ingapo, ina ya vairasi yophedwa, ina yofooketsedwa, ndipo mu labotale ina yateteza nsomba zoposa 70 pa 100. Anapezanso kuti mayi wobayidwa katemera amapatsira ana chitetezo kudzera m'mazira. Chovuta n'chakuti nthendayi imapha kwambiri tiana tating'ono kwambiri moti n'kovuta kutibaya kamodzikamodzi, ndipo mtengo wa kansomba kamodzi ndi wochepa kuyerekeza ndi jakisoni. N'chifukwa chake akafukufuku akulimbana ndi katemera woviika kapena wosakaniza m'chakudya. Njira imene ine ndimaikhulupirira kwambiri kwa alimi ang'onoang'ono ndi yosankha mbewu. Nthendayi itabuka m'dziwe la WorldFish ku Malaysia, mmene munali mabanja oposa 100 a tilapia yotchedwa GIFT, akatswiri a ku Roslin Institute ku Scotland anawerenga zofa banja ndi banja. Mabanja ena anatheratu, ena sanataye ngakhale imodzi, m'madzi amodzimodziwo. Zotsatirazi, zimene zinatuluka mu 2020, zinaonetsa kuti kupirira nthendayi n'kwa kumtundu, ndipo chaka chotsatira anapeza malo ake m'chibadwa cha nsombazi, pa chigawo chotchedwa chromosome 22. Ntchito yotereyi ndi imene ndikufuna itachitikanso pa makumba ndi chambo chathu.

Koma musatengepo kuti nsomba zanu zopulumuka zikhale makolo a mbewu yogulitsa. Ku Malaysia akatswiri ankatsata banja la nsomba iliyonse. Kwa inu, yopulumuka itha kukhala itasunga kachirombo n'kudzapatsira ana ake. Ngati labotale yatsimikiza vairasi, zileleni mpaka zikule, mudye kapena mugulitse zophedwa kale, osati zamoyo. Kenaka tsatirani malangizo a alangizi pa katayidwe ka madziwo, muumitse dziwe mpaka pansi pang'ambike, muwaze laimu, lipume milungu ingapo musanaikemo zina.

Pa za kudya: TiLV sigwira anthu. Nsomba yamoyo, yooneka bwino, yophikidwa mpaka kupsa, ilibe vuto pa nkhani ya kachiromboka. Koma yotola yofa kale musadye ndipo musagulitse, popeza simunadziwe chaipha, ndipo ngati mukukayikira mankhwala a kudimba, dikirani kaye ngakhale zamoyozo. Matumbo ndi madzi otsukira zisabwerere kudziwe.

Tsono za munthu wa mbewu yakunja uja. Kawirikawiri mbewu yotere imakhala tilapia ya ku Nile, yomwe imawetedwa m'makeji ku Kariba ndi ku Victoria. Malamulo a dziko lino salola kulowetsa nsomba zachilendo popanda chilolezo, ndipo chifukwa chake n'chomveka: tilapia ya ku Nile ikathawira mumtsinje imakwerana ndi mitundu ya komweko n'kuisokoneza, monga zachitikira m'madera ena a mtsinje wa Zambezi. Kuti imakula msanga n'zoona. Kuti sidwala ndi bodza, poti ndi imodzi mwa nsomba zimene TiLV yapha kwambiri padziko lonse. Mbewu yodutsa m'njira zachidule ilibe chikalata cha dokotala, palibe anayeza makolo ake, ndipo zikavuta wogulitsayo simudzamuonanso.

Gulani kwa oswetsa odziwika ndi a nthambi ya za usodzi, ndipo muziwafunsa mafunso: makolo a mbewuyi anachokera kuti, miyezi yapitayi mwataya nsomba zingati, ndani wina anagula kuti ndikaone dziwe lake? Mbewu yatsopano, ngakhale ya kwa mbale wanu, iyambe yakhala payokha milungu itatu kapena inayi. Kuimangira hapa (kakhola ka ukonde) m'dziwe mmene muli nsomba zina sikupatula, chifukwa madzi ndi amodzi. Pafunika kadziwe kapadera kamene madzi ake salowa m'maiwe enawo. Mlimi amene anakugulitsani mbewu ija mukamuone mwamtendere, mumufunse ngati kwake kapena kwa ena amene anagula nsomba zikufanso. Yankho lake, pamodzi ndi kope lolembamo tsiku limene munaika mbewu, tsiku imfa zinayamba, chiwerengero cha zofa tsiku lililonse ndi chakudya chimene mumapereka, mukampatse mlangizi akabwera.